Mkamwini wa Moto

"Tsitsani mphika wangawo, bambo a Jenifer!"

"Sinditsitsa. Mphikawu ukutsogola, mwini wake abwera pambuyo."

A Chikoti anaima pakhomo la khitchini, mphika wandiwo uli m'khwapa, mthiko ndi chipande zikusuzumira m'thumba la jekete. Jeketeyo inali ija yachikopa ya ku Durban, imene sankaivula ngakhale dzuwa la Seputembala likuswa mtengo. Mkazi wawo, Febe, anali atangochokera kudimba, matope mpaka m'mawondo, kheni yothirira matimati ikadali m'manja.

"Ukutsogola kupita kuti?"

"Kukhumbi la kudimba. Ndalifolera bwinobwino, ndaikapo ndi chitseko. Chitsime pakhomo pomwepo, achule akukuimbirani kwaya yaulere. Azungu amalipira kuhotela kuti agone pafupi ndi madzi chonchija."

"Ndiye kuti mukundichotsa m'nyumba?"

"Ayi, ayi, ayi! Akuchotseni ndani? Ndikukuikani pamalo panu. Takhalani pansi, mayi, ndikuphunzitseni, poti sukulu imeneyi simungaipeze ku Namitete kuno."

Febe anatula kheni, napukuta manja pachitenje, koma sanakhale. A Chikoti sanadikire. Anakhazika mphika pamtondo nayamba kuyendayenda pabwalo ngati mlaliki wa pamsika.

"Ine ndayenda, mayi. Limpopo ndinawoloka ndi miyendo iyi, nsapato zili pamutu. Joni ndagonamo. Ku Maputo ndinadya nkhanu zazikulu ngati lichero. Koma nzeru yeniyeni ndinaitola ku Durban, kwa nkhalamba ya Chigiriki imene ndinkaikazingira tchipisi. Inandiuza kuti makolo awo anaunika dziko lonseli n'kupeza kuti chilichonse chinapangidwa ndi zinthu zinayi basi: moto, madzi, mphepo ndi dothi. Anthunso chimodzimodzi! Alipo a moto, ife amene, oyambitsa zinthu, osagona tulo. Alipo a mphepo, opepuka thupi, osekaseka. Alipo a dothi, monga alongo anu a Davide, oti ukawafunsa funso Lolemba amayankha Lachinayi. Ndiye pali a madzi."

"Amene ndine."

"Mwakhoza! Ozizira, ofatsa, misozi ili pafupi. Si tchimo ayi, munabadwa choncho. Koma tandiuzani, madzi ndi moto zikakhala m'nyumba imodzi, chimachitika n'chiyani?"

"Anthu amamwa tiyi," anatero Febe.

"Moto umazima! N'chifukwa chake bizinesi yanga yogula soya ikungofuka utsi osayaka. Ndimadzuka ndi nzeru zolilima, inu n'kungoti, ‘Nanga fetereza?’ Basi, zonse zii."

"Bizinesi yanu sinazime ndi ine. Inamira m'mabotolo a ku Msundwe."

"Mwaona? Mwaona mmene madzi amayankhulira? Munthu ukuyaka bwinobwino, iwo phwaa!" A Chikoti anaomba m'manja mosangalala, ngati kuti mkazi wawo wawapatsa mphatso. "Moto kuti ukolere umafuna mphepo, mayi."

"Mphepoyo ili ndi dzina?"

A Chikoti anakonza kolala ya jekete. "Patience. Amaluka tsitsi pa Msundwe, kuseri kwa pokwerera maminibasi."

"Wamsinkhu wanji?"

"Mphepo saiwerengera zaka."

"Wamsinkhu wanji, bambo a Jenifer?"

"Akuposa Jenifer wathu. Pang'ono. Koma akumuposa ndithu."

Febe anayang'ana nyumbayo kuyambira pamaziko mpaka padenga. Poyankhula, mawu ake sanakwere.

"Dothi la njerwa izi ndinaponda ine ndi mapazi awa, inu muli ku Joni mukutumiza zithunzi mutatsamira galimoto za eni. Uvuni ndinayatsa ndi alongo anga. Malo ano ndi a malemu amayi, manda awo ali kuseri kwa nsungwizo. Inu munabwera kuchokera ku Kabudula ndi chikwama chimodzi, chomanga ndi chingwe cha mphira."

"Nanga malata? Anagwa kumwamba ngati matalala? Nyumba ndi denga, mayi. Chotsanipo malata muone ngati sipatsala khola la mbuzi. Malata ndi anga, ndiye pansi pake pagona amene ndamusankha ine."

Apa a Chikoti anakonzeka. Ankadziwa kuti pabwera kulira, kudzigwetsa pansi, kuitana mudzi wonse. Koma Febe anangotambasula manja.

"Bweretsani mphikawo ndiphikire ana. Zinthu zotere sizichitika mwakuba. Tiitane ankhoswe, amalume anu a Simoni ndi alongo anga. Ndifulule thobwa. Mtsikanayo abwere masana, anthu akuona. Zikatero aliyense apite pamalo pake, monga mwanenera."

Mtima wa a Chikoti unadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Nkhalamba ya Chigiriki ija sinaname! Inanena kuti madzi alibe makani: ukawathira m'botolo amakhala botolo, ukawathira m'mbale amakhala mbale. Anabweza mphika, anabweza mthiko, chipande anachiiwala m'thumba, nalumphira panjinga yamoto kukauza dziko.

Masabata otsatirawo sukulu ya a Chikoti inagwira mudzi ngati chimfine. Sankapempha kanthu, ankangogawa nzeru mwaulere kwa aliyense amene wachedwa kuthawa. Pamjigo amayi ankafunsana, "Kodi inu anakupezani kuti ndinu chiyani?" Ana ankamenyana polimbirana kukhala moto. Mnyamata wina anakana kukatunga madzi, akuti angazime. Mayi wina anauza mwamuna wake kuti iye ndi wa madzi, sangayandikirenso mafuwa, ndipo bamboyo anadya chinangwa chachiwisi mpaka nsagwada zinatopa. Mphunzitsi wina wachinyamata anathetsa chibwenzi cha zaka zambiri atauzidwa kuti dothi likakwatira madzi m'nyumba mumangokhala matope, ndipo mtsikanayo analira mpaka anasiya kubwera kukwaya. A Chikoti atamva anangogwedeza mutu mwachifundo. Anali ataneneratu kuti mtsikanayo ndi wa madzi.

Ngakhale ziweto sizinapulumuke. Tambala wa pakhomo anali moto, abakha anali madzi, tonde wa oyandikana nawo anali mphepo chifukwa cha fungo. Abusa a mpingo wawo anawaika m'gulu la madzi, poti amabatiza, ndipo akulu ampingo atatumiza uthenga woti nkhani ya mitala idzawadulitsa mumpingo, a Chikoti anayankha kuti sakudabwa, madzi amaikirana kumbuyo.

Likulu la sukuluyi linali pakhonde la sitolo ya a Masudi pa Namitete. Tsiku lina a Chikoti anafika njinga ikulira ngati ikuphedwa, naimika mwaukatswiri fumbi lili koboo.

"A Masudi, mwana wa dothi! Ndipatseni shuga wa thobwa, woyera kwambiri. Ukwati wa sayansi ukuchitika kwathu, woyamba m'boma lonse la Lilongwe!"

A Masudi anayeza shuga pasikelo mosafulumira.

"Ndamva mbiri yake. Akuti mayi a kunyumba mukuwasamutsira kwa achule."

"Inu musandiweruze. Chipembedzo chanu chimalola anayi."

"Chimalola, koma chimati uwasamale mofanana, osati wina kumalata wina kuudzu wa kudambo. Ine ndinayeza mphamvu zanga ndinaona kuti Zuleha yekha akundikwanira, mwinanso kupitirira."

"Ndamva zimenezo!" anakuwa mayi Zuleha kuseri kwa mashelefu, anthu a pakhonde n'kufa nako kuseka.

"Mphepo imeneyo," anatero a Chikoti akuloza ndi chala. "Imamva chilichonse."

A Masudi anamanga pepala la shuga nawerama pang'ono. "Koma achimwene, ndikufunseni. Paja inu pamudzi paja muli pachikamwini, eti?"

"Mawu achikale amenewo. Ine ndine investa."

"Chabwino, a investa. Bambo anga atabwera kuno kudzatsegula sitolo anaona mwambo wina wa eni dziko lino umene sanauiwale mpaka imfa. Akuti mkazi akatopa naye mkamwini, sankakangana naye. Ankangolowa kukhitchini, n'kusolola chikuni chamoto pamafuwa, n'kumupatsa m'manja kuti chimuunikire njira ya kwawo. Mwamuna ankanyamula mpaka kumalire a mudzi. Ukwati unkathera pomwepo."

A Chikoti anaseka mpaka anagwira chipilala cha khonde.

"Chikuni! Zaka zino? A Masudi, masiku ano foni iliyonse ili ndi tochi! Ndiponso mukunena Febe wanga? Febe akufulula thobwa panopa, akuimba nyimbo za Chigwirizano. Madzi, bambo! Simunawaphunzire madzi inu."

Pobwerera anadzera kwa mlamu wawo, a Davide, mwini mbumba wa banja la Febe. Anawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema goli la ng'ombe.

"Alamu! Mwamva za mwambo wathu?"

"Ndamva."

"Mlongo wanu sindikumutaya ayi. Ndikungomuika pomuyenera. Adzanenepa kudimba kuja, mudzandithokoza. Ndiye mukuti bwanji?"

A Davide anapitiriza kusema. Nkhuku inadutsa ndi anapiye ake. Mbuzi inabwera, inanunkhiza tayala la njinga, inachoka. A Chikoti anasuntha phazi ili, anasuntha linalo, anayang'ana foni, anaibweza m'thumba.

"Thobwalo," anatero a Davide pomaliza, "likhale la mawere."

Dothi lenileni! A Chikoti anachoka akuimba mluzu.

Ku Msundwe ankapitako pafupifupi tsiku lililonse. Patience anali mtsikana wamtali, wa mano oyera, woseka ndi thupi lonse, amene ankalera azing'ono ake ndi ntchito ya zala zake. A Chikoti anali atamuuza kuti mkazi wawo anathawa kalekale, ndipo nyumba yamalata, dimba ndi minda yonse n'zawo. Iwo sankaziona ngati bodza zimenezi. Ankaziona ngati zoona zimene zangofulumira kubadwa. Tsiku la mwambo likadzafika, adzanena kuti mayi uja wabwerera mwadzidzidzi ndipo amukhululukira n'kumupatsa khumbi. Pakamwa ngati pawo sipakanalephera kukonza kanthu kakang'ono ngati kameneko.

Sabata yomaliza anamupeza akusesa tsitsi m'kasaluni kake.

"Mphepo yanga! Kamvuluvulu wanga! Loweruka lino ukugona pansi pa malata a geji yokhuthala, osati zopyapyala za pano."

"Takulandirani, abwana." Patience anatsamira tsache. "Kodi paja amayi a kunyumba munati anathawira kuti?"

"Ku Chipata. Kutali zedi."

"Eti? Tsiku lija munati ku Kasungu."

"Anayambira ku Kasungu. Munthu wa madzi sakhazikika."

Patience anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. A Chikoti anasekanso, osadziwa chosekacho, poti ndi mmene mphepo imachitira.

"Pepani, abwana. Ndakumbuka amayi ena ogulitsa matimati amene anabwera kudzalukitsa dzana. Tsitsi lawo lalifupi, koma nkhani zawo zazitali! Tinatha tsiku lonse, makasitomala ena mpaka anabwerera."

"Usamacheze ndi amayi a kumidzi, angakuzimitse nawenso. Loweruka ndidzakutenga ndekha panjinga."

"Musadandaule, abwana. Loweruka sindingaphonye, olo kugwe mvula ya miyala."

Madzulo ake, akumwa tiyi pakhonde, ndi pamene a Chikoti anaona kuti Febe waluka tsitsi lamakono, mizere yopindika bwino ngati ya mtsikana wa mutauni.

"Aa, mayi! Mwaluka kuti?"

"Kumsika. Ndimati ndioneke bwino pamwambo wanu."

"Mwaona? Simunasamuke n'komwe koma mwayamba kale kuwala. Sayansi imeneyo!"

Loweruka kunacha ndi kamphepo kouluza mapesi. A Chikoti anapukuta jekete ndi mafuta ophikira mpaka inanyezimira, anamanga maluwa apulasitiki pamahandulo a njinga, naliyatsa la ku Msundwe. Anapeza saluni yotseka. Mayi wogulitsa mandasi pafupi anati mtsikanayo wakwera minibasi m'mamawa. A Chikoti anamenya chifuwa. Mwana wa eni walephera kudikira! Ndani angamunene?

Pofika pakhomo anapeza bwalo ladzaza. Mphasa zinali zitayalidwa pansi pa mtengo wa mkuyu. Amalume awo a Simoni, nkhoswe yawo ya ku Kabudula, anali pampando ndi chipewa pamawondo, pambali pa a Davide. Amayi a Chigwirizano analipo, oyandikana nawo analipo, ngakhale mphunzitsi wothetsa chibwenzi uja anabwera kudzaonera sayansi ikugwira ntchito. Ndowa za thobwa zinali pamthunzi. Ndipo pamphasa yapakati panakhala Febe ndi Patience, phewa ndi phewa, atavala zitenje zofanana, mitu yolukidwa mofanana.

A Chikoti anatsala pang'ono kugwa panjinga. Kenaka nkhope yawo inawala. Akumana kale, agwirizana kale, mpaka yunifolomu! Ntchito imene ankaiopa yadzigwira yokha.

Sanadikire kuti wina awapatse mpata. Anaima pakati pa bwalo natambasula manja.

"Amalume, alamu, amayi ndi abambo! Ine ndaona milatho yodutsa pamwamba pa milatho inzake. Ndakwera chikepe cha m'nyumba mpaka makutu kutseka. Koma zimene mukuona lerozi, ngakhale ku Joni kulibe! Onani madzi ndi mphepo zakhala pamphasa imodzi popanda kukandana. Kuyambira lero mphepo ilowa m'nyumba kukoleza moto, madzi atsikira kudambo kwawo, dothi likhala pomwe lili. Aliyense pamalo pake! Ndani ali ndi funso?"

"Ine," anatero Patience, akukweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Abwana, amayi awa ndi aja ali ku Chipata, kapena aja a ku Kasungu?"

Kuseka kunayambira kwa amayi a Chigwirizano n'kuzungulira bwalo lonse.

"Mphepo imakonda nthabwala," anatero a Chikoti, akuseka mouma. "Zimenezo tikambirana m'nyumba."

"Nyumba yake iti? Ija munati munamanga ndi manja anu? Amayiwa andionetsa dzenje lomwe anakumbamo dothi la njerwa. Andionetsanso manda a amayi awo." Tsopano Patience sankasekanso. "Ine ndine wosauka, abambo, koma sindine wakuba. Mukanandilowetsa m'nyumba ya mayi mnzanga, iye akulumidwa ndi udzudzu kudambo, anthu akanatukwana ine, osati inu. Hule wa pa Msundwe walanda nyumba. Dzina limenelo ndikanafa nalo ine, inu mukuyenda ndi jekete."

"Iwe Chikoti," anatero a Simoni. "Ine ndinabwera pabwalo lomwe lino ndi nkhuku m'manja kudzakupemphera malo. Ndinagwada apo, pomwe waimapo. Ndinati mwanayu ndi waulemu. Lero wandiitanira kudzaona ukuthamangitsa mwini mudzi?"

"Amalume, simukumvetsa. Agiriki anapeza kuti..."

"Agirikiwo anakupatsa munda?"

Febe anadzuka nalowa kukhitchini. A Chikoti anapumira m'mwamba. Akukatenga makapu a thobwa, anaganiza choncho, ndipo anthu akamwa mitima itsika, iwo afotokozanso bwinobwino kuyambira pachiyambi, mwina ndi zitsanzo.

Febe anatuluka ndi chikuni. Chinali cha mtengo wouma bwino, chachitali ngati mkono, kunsonga kuli psuu, utsi ukukwera mowongoka. Bwalo lonse linatembenukira kwa iye. Ngakhale ana anasiya kutafuna nzimbe.

Anayenda mpaka pamaso pa mwamuna wake, nagwada mwaulemu wonse, monga ankachitira powapatsa madzi osamba m'manja.

"Bambo a Jenifer, sukulu yanu ndaimva yonse. Mwati ndikukuzimitsani. Ine sindifuna kupha mwana wa eni. Zaka zonse munali kunja ndinkasunga malo anu pamphasa, anthu akundiseka kuti ndinakwatiwa ndi foni. Ndinkati akadzabwera tidzakalamba limodzi. Koma poti ndine madzi, landirani moto wanu, ukayakire kwanu."

M'maso mwake munalidi madzi. A Chikoti anawaona. Mawu oti "mwaona" anafika pakhosi, koma anakana kutuluka.

"Mayi, masana ano? Dzuwa lili pamutu chonchi, chikuni cha chiyani? Izi n'zachikale! Foni yanga ili ndi..."

"Landira," anatero a Simoni.

Analandira. Atangochigwira, moto wa kunsonga unayamba kuchita phulusa, ndipo a Chikoti anaona kachiyembekezo.

"Chikuzima! Taonani nonse, chikuzima chokha! Ndiye kuti mwambowu wakana."

"Dikirani, amayi," anatero Patience. Anadzuka, anakonza chitenje, anawerama pa chikunicho, nakoka mpweya wodzaza chifuwa. Anauzira kamodzi, kawiri, kachitatu lawi linati lakalaka mpaka a Chikoti anabweza ndevu. "Munati ntchito yanga ndi kukoleza moto, abwana. Ndakoleza."

Nthungululu zinasweka. Mayi wina wokalamba anavina mpaka mpango unagwa. Mphunzitsi uja anazemba mwakachetechete, ndipo ena anamuona akuthamangira njira ya kwa mtsikana wa kwaya.

"Alamu!" anakuwa a Chikoti. "Inu ndinu munthu wanzeru, nenanipo kanthu!"

A Davide anameza thobwa lomwe linali m'kamwa, anapukuta milomo, anaika kapu pansi. Ulendo uno sanadikire Lachinayi.

"Munati ndine dothi."

"Dothi labwino, alamu! Lachonde! La katondo weniweni!"

"Mwandiponda mokwanira. Sunthani."

"Ndiye ndikuzula malata anga! Limodzilimodzi, ndi misomali yomwe!"

"Pansi pa malatawo pamagona ana ako," anatero a Simoni. "Ukhudze limodzi, ukafike ku Kabudula ulibe malume."

Pakhomo la nyumba panatulukira Jenifer, mwana wawo woyamba, atanyamula chikwama. Chinali chomwe chija chochokera nacho ku Kabudula, ndi chingwe chake cha mphira. Anachimangirira bwinobwino pampando wa njinga, kenaka anaima pamaso pa bambo ake.

"Ababa, tambala munati ndi moto. Abakha munati ndi madzi. Nanga ine ndine chiyani?"

A Chikoti anatsegula pakamwa. Anali atayeza mudzi wonse, makondakitala a pa Namitete, abusa, tonde wa eni. Mwana wawo anali asanamuyang'ane n'komwe. Anafufuza m'nzeru za nkhalamba ya Chigiriki ija, koma munalibe yankho. Jenifer anadikira pang'ono, kenaka anapita kukakhala pafupi ndi amayi ake.

Kukwera njinga sikunatheke. Petulo ndi chikuni siziyendera limodzi, ndipo a Simoni anati mwambo ndi wakuti moto ufike kumalire uli m'manja, iwo atsala amwe thobwa poti analiyendera mtunda wautali. Choncho a Chikoti anakankha njinga ndi dzanja limodzi, lina litatambasukira kutali ndi thanki, maluwa apulasitiki akugwederagwedera. Thukuta linkayenda m'kati mwa jekete. Ana anawatsata akuimba nyimbo yongopeka pomwepo, koma atamva kuti kwayamba kugawidwa mpunga anabwerera onse liwiro.

Njira ya kumalire inkadutsa kudimba. Matimati a Febe anali atapsa mizere yonse, ofiira ngati akuseka. Khumbi lija linali pomwepo, udzu wake watsopano, chitseko chake chowongoka. Ntchito yabwino ndithu, anaganiza a Chikoti, ndipo kwa kanthawi anaima n'kuliyang'ana ngati munthu wofuna pogona. Kenaka anakumbuka kuti nalonso lili pa dothi la eni.

Anafika pakamtsinje kamene kamalekanitsa mudziwo ndi wina. Anaimika njinga. Pofuna kutulutsa kansalu kopukutira thukuta, dzanja linakumana ndi chinthu cholimba m'thumba: chipande cha Febe chija. Anachiyang'ana, anayang'ana kumbuyo komwe nthungululu zinkamvekabe chapatali, anachibwezera m'thumba.

Chikuni chinali chitafupika, kutentha kwayamba kufika kuzala. Anachiponya m'madzi.

Tsiii.

Utsi pang'ono unakwera n'kutha. A Chikoti anaomba m'manja mwachizolowezi, nkhope ikuwala.

"Mwaona? Si ndinanena ine? Madzi amazimitsa moto!"

Anatembenuka kuti aone amene wavomereza. Panali njinga, chikwama, ndi chule mmodzi pamwala. Chuleyo anawayang'ana, nalumphira m'madzi.